Kalachi imafewanso patatha masiku atatu tikabulida: kodi nditsitse giyabokosi?

Funso: "Ndili ndi Toyota Hilux yakale ya injini ya dizilo ya 3L, imene ndimanyamulira mbatatesi kuchokera ku Tsangano kupita ku misika ya ku Blantyre. Miyezi iwiri yapitayo chopondera cha kalachi chinayamba kufewa, ndipo magiya, makamaka yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo, anayamba kukukuta polowa. Makaniko wina anasintha slave cylinder n'kubulida (kutulutsa mpweya m'paipi ya mafuta a kalachi), galimoto inayenda bwino masiku atatu, kenako vuto linabwerera. Tabulida katatu konse ndipo nthawi zonse zimatero. Ndikapopa chopondera kangapo giya imalowa, koma ndikaima pachipata cha msika nditaponda kalachi kwa kanthawi, galimoto imayamba kukwawa yokha. Mafuta m'kabotolo ndi akuda ndipo amatsika pang'onopang'ono. Tsopano akuti titsitse giyabokosi, tisinthe clutch plate ndi pressure plate. Kodi ndivomere?" Mlimi wa ku Ntcheu.

Yankho: Bambo, mtima ukhale m'malo, ndipo musavomere msanga. Mwanena zinthu zitatu zimene makaniko aliyense ayenera kumva asanagwire sipanala: kuti giya imalowa mukapopa chopondera, kuti galimoto imakwawa mukachigwira pansi kwa kanthawi, ndiponso kuti mafuta ndi akuda. Zizindikiro zimenezi sizikuloza mkati mwa giyabokosi. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikukonza magalimoto a mtundu umenewu, sindinaonepo clutch plate yakutha imene inachira masiku atatu chifukwa chobulida. Plate ikatha, injini imalira kwambiri pachitunda koma galimoto osathamanga, ndipo pamamveka fungo la chinthu chopserera. Inu simunanene zimenezo. Vuto lanu ndi lakuti kalachi ikukanika kumasuka, ndipo poti imamvera mukapopa, chimene chikuperewera ndi mphamvu ya mafuta.

Ndifotokoze kaye mmene mphamvuyo imayendera, kuti muzitha kuweruza nokha zimene akukuuzani. Mukaponda chopondera, kandodo kachitsulo kamakankha pisitoni mkati mwa master cylinder, imene inamangidwa pakhoma lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, ndipo pa Hilux ya zaka zimenezo ili ndi kabotolo kakekake ka mafuta. Pisitoniyo imakankha mafuta kudzera m'paipi yachitsulo, kenako m'kapaipi kalabala kofewa, mpaka kukafika mu slave cylinder imene ili kunja, m'mbali mwa giyabokosi. Kumeneko pisitoni ina imakankha foloko, foloko imakankha release bearing, ndipo bearing imapanikiza zala za pressure plate kuti isiye kufinya clutch plate, mbale imene imalumikiza injini ndi giyabokosi. Zonsezi zimatheka chifukwa mafuta safinyika. Mpweya ndiwo umafinyika, moti kathovu kakang'ono ngati nandolo kakakhala m'paipi, kuponda kwanu kwina kumathera pofinya kathovuko m'malo mokankha foloko. Kandodo ka slave cylinder kamayenda kamtunda kochepa kwambiri, pafupifupi mamilimita 12 mpaka 15, choncho kakaperewera mamilimita 3 kapena 4 okha, plate imakhala ikukhudzabe flywheel, chigudumu cholemera chimene injini imazungulitsa, ngakhale phazi lanu lili pansi penipeni. Giya yobwerera m'mbuyo ndiyo imayamba kudandaula, chifukwa pa magalimoto ambiri akale ilibe synchro, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosakukuta, yoti ibise vutolo.

Tsono mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi yakuti mpweya sulowa wokha m'paipi yotsekeka bwino. Kubulida kumangotulutsa mpweya umene walowa kale, koma sikutseka pamene ukulowera, ndipo kubulida katatu popanda kufufuza malowo kuli ngati kukapa madzi m'bwato lobooka. Kuchira kwa masiku atatu ndi umboni wakuti makaniko wanu amabulida bwino ndithu, ndiponso kuti pali khomo limene mpweya ukubwererapo.

Ndikukayikira kwambiri master cylinder. Pisitoni yake ili ndi timalabala tiwiri timene amakaniko amati makapu. Kakutsogolo ndiko kamagwira mphamvu ya mafuta, ndipo kakumbuyo kamatchinga kuti mafuta asatulukire kumapazi a dalaivala. Kakutsogolo kakatha, mafuta amazemba m'mbali mwake n'kubwerera m'kabotolo, osadontha pansi ngakhale dontho limodzi. Mukaponda mwachangu, mlomo wa kalabalako umatambasuka n'kugwira khoma la silinda, choncho giya imalowa. Koma mukangogwira chopondera pansi, mafuta amazemba pang'onopang'ono, foloko imabwerera, ndipo galimoto imayamba kukwawa monga mmene imachitira pachipata cha msika paja. Kakumbuyo kakatha, kamachucha timafuta pang'ono, ndipo nthawi iliyonse pamene chopondera chikubwerera mmwamba kamatha kumeza kampweya kochepa. Kampweya ka tsiku limodzi simungakamve, koma ka masiku atatu a ulendo wodzaza ndi kusintha magiya kamakwana kufewetsa chopondera. Kuda kwa mafuta kumachokera ku nyenyeswa za timalabala timeneti ndi za khoma la silinda limene likudyeka. Musaiwalenso kuti master cylinder ndi slave cylinder yakale ija anayamba ntchito tsiku limodzi ndipo akhala akumwa mafuta amodzimodzi, choncho imodzi ikafa inzake imakhala ili kale panjira. Pa galimoto yakale ine ndimalangiza kusintha zonse ziwiri pamodzi, ngakhale eni magalimoto ambiri amaganiza kuti ndikufuna kuwadyera ndalama.

Komabe musagule kanthu chifukwa choti ine ndakayikira. Pali njira zotsimikizira zimene sizifuna ndalama. Tengani tochi, mulowetse mutu pansi pa chiwongolero, mutsatire chopondera mpaka pamene kandodo kamalowera m'khoma. Kwezani kalabala kotchinga fumbi kamene kali pamenepo, mukhudze ndi chala. Pakakhala ponyowa, kapena mukaona kuti penti ya khomalo yasupuka motsetsereka, kapenanso kapeti yanyowa ndi mafuta oterera, mlandu watha. Mafuta a mabuleki amadya penti, ndipo chipsera chimenechi chimakhalapo ngakhale mafutawo atauma. Kenako lowani pansi pa galimoto, mukweze kalabala kotchinga fumbi ka slave cylinder. Mkati mwake muyenera kukhala mouma. Musanene kuti poti ndi yatsopano ndiye kuti ilibe vuto, chifukwa m'misika ya zipangizo muli masilinda ena otchipa amene amachucha sabata yoyamba yomwe. Onaninso ngati kabawuti kotulutsira mpweya, kamene timati nipple, kali kumtunda kwa silindayo. Zimachitika kuti munthu wagula silinda ya galimoto ina yofanana nayo, mabawuti akwana bwinobwino, koma nipple yagwera kumunsi. Mpweya umakwera mmwamba, ndiye silinda yotero simungaitulutse mpweya wonse ngakhale mutabulida tsiku lathunthu. Mukatero tsatirani paipi yonse ndi nsalu youma, makamaka polumikizira, ndipo munthu wina akamaponda chopondera gwirani kapaipi kalabala m'manja. Mukamva kakutupa pamalo amodzi, kakudya mphamvu imene ikanapita ku foloko, ndipo kasinthidwe.

Njira imene ndimaidalira kuposa zonse ndi iyi. Injini ili yozima, galimoto ili pamalo osatsetsereka, handibuleki mutakoka ndipo matayala mutawatchinga ndi miyala kapena matabwa, uzani mnzanu aponde chopondera mpaka pansi n'kuchigwira pomwepo kwa mphindi imodzi. Inu muyang'anitsitse foloko, mutaika chizindikiro cha choko pamene yafika. Foloko iyenera kuima nji. Ikamabwerera pang'onopang'ono pomwe phazi silinasunthe, ndipo kunja kulikonse n'kouma, ndiye kuti mafuta akuzemba mkati mwa master cylinder. Nthawi zina mukatsegula kabotolo mumaona mafuta akukwera pang'ono pa nthawi yomweyo. Yezaninso ndi lula kamtunda kamene kandodo kamayenda mukaponda kamodzi kokha, kenako mukapopa kasanu. Kamtundako kakamakula ndi kupopa, muli mpweya kapena kalabala katha. Kakakhala kokwanira kuyambira kuponda koyamba koma giya n'kumakanabe, pamenepo ndiye tingayambe kuganiza za mkati mwa giyabokosi. Chenjezo limodzi: musaponde chopondera slave cylinder ili yomasulidwa pamalo pake, chifukwa pisitoni idzafwamphuka n'kutaya mafuta onse.

Mukatsimikiza kuti ndi master cylinder, mudzafunsidwa ngati mukufuna kiti ya timalabala kapena silinda yathunthu. Kiti ndi yotchipa ndipo imagwira ntchito ngati khoma lamkati la silinda likadali losalala. Itsukeni, muunike mkati, muyendetsemo chikhadabo. Mukamva timaenje ta dzimbiri kapena mizere, kalabala katsopano kadzang'ambika pa mizere yomweyo pasanathe miyezi ingapo. Silinda yachitsulo imatha kusalazidwa pang'ono ndi chida chake, koma ya aluminiyamu sayenera kuipala ndi sandipepala monga ndimaonera ena akuchita. Kwa galimoto imene imakudyetsani ngati yanuyi, silinda yathunthu ya kampani yodziwika ndiyo yotchipa mukawerengera masiku amene mbatatesi zingagone panjira.

Za mafuta ndinenepo motsindika, chifukwa pamenepa ndi pamene magalimoto ambiri amaonongekera. Kalachi imagwiritsa ntchito mafuta omwe aja a mabuleki, amene m'sitolo mumawapeza atalembedwa kuti brake fluid, ndipo mtundu wake unalembedwa pachivundikiro cha kabotolo. Pa Hilux yanu ndi DOT 3, ndipo DOT 4 imaloledwanso chifukwa mitundu iwiriyi imasakanikirana bwino. DOT 5 ndi ya silikoni, ndipo siyenera kusakanizidwa ndi imeneyi, ngakhale nambala yake ikuoneka ngati yapamwamba. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa madigiri 140, ndipo DOT 4 imatsika kuchoka pa 230 kufika pa 155. Kalachi sitentha ngati mabuleki, choncho choopsa chachikulu kwa iyo si kuwirako koma dzimbiri limene madziwo amayambitsa m'masilinda. N'chifukwa chake mafutawa amayenera kusinthidwa pa zaka 2 zilizonse, ngakhale kuti eni magalimoto ambiri amakumbukira a mabuleki okha n'kuiwala kabotolo kakang'onoka. Gulani botolo lomata, osati mafuta opungulidwa m'botolo lina, ndipo botolo limene linatsegulidwa chaka chatha n'kumangokhala kuseri kwa mpando musaligwiritse ntchito.

Chimene simuyenera kuthiramo ngakhale zitavuta bwanji ndi oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa chiwongolero kapena mafuta ophikira. Ndinalandirapo lole yaing'ono imene dalaivala wake, atathedwa nzeru usiku panjira, anathiramo oyilo wa injini. Anafika ndithu kumene ankapita, koma patatha masiku awiri timalabala tonse tinali titatupa ngati mandasi, pisitoni itakanirira, ndipo tinasintha masilinda onse awiri ndi kapaipi kalabala, n'kutsukanso paipi yachitsulo. Pa chifukwa chomwecho, musatsuke zipangizo zimenezi ndi petulo, dizilo kapena palafini. Tsukani ndi mafuta a mabuleki omwewo.

Tsopano kubulida kwenikweni. Ngati master cylinder ndi yatsopano, yambani kuitulutsa mpweya isanamangidwe pagalimoto. Ipanikizeni pa vayisi mosafinya thupi lake, thirani mafuta m'kabotolo, lumikizani kapaipi kuchoka potulukira mafuta kubwerera m'kabotolo momwemo, kenako kankhani pisitoni pang'onopang'ono mpaka thovu litaleka kutuluka. Ambiri amadumpha ntchito ya mphindi zochepa imeneyi, n'kukataya maola awiri akupopa chopondera chimene sichikugwira kanthu, chifukwa silinda yodzaza mpweya ilibe choti ikankhe.

Mukaimanga, konzani botolo latsopano la mafuta la theka la lita, kapaipi koonekera mkati kokwana bwino pa nipple, botolo loyera loonekera mkati, sipanala yozungulira ya 8 kapena 10 malinga ndi nipple yanu, nsalu, madzi otsukira pamene mafuta angagwere pa penti, ndi munthu womvera. Hilux ndi yaitali mokwanira moti simufunika jeke. Ngati mukugwiritsabe ntchito kabotolo kakale, yamwani mafuta akudawo ndi jakisoni wopanda singano, mupukute matope a pansi, n'kudzaza mafuta atsopano mpaka pamzere wa MAX. Palibe chifukwa chokankhira zinyalala zimenezo m'silinda yatsopano. Pukutani nipple, muikepo sipanala poyamba, kenako kapaipi, ndipo mapeto ena a kapaipiko amire m'mafuta pang'ono amene mwathira m'botolo, kuti mpweya usabwerere. Nipple ikakhala yolimba ndi dzimbiri, ithireni mankhwala ofewetsa dzimbiri n'kudikira, chifukwa ndi yobooka mkati ndipo imathyoka mosavuta.

Mnzanu aponde chopondera pang'onopang'ono katatu, akumachisiya chibwerere mpaka mmwamba n'kupuma kamphindi nthawi iliyonse, kenako achigwire pansi n'kukuuzani kuti wagwira. Inu tsegulani nipple pang'ono, osapitirira theka la kuzungulira kumodzi. Mafuta ndi thovu zidzathamangira m'kapaipi. Tsekani nipple mafuta asanaleke kuyenda, ndipo mukatseka m'pamene mumuuze kuti asiye. Dongosolo limeneli lisasokonezeke: phazi likachoka nipple ili yotsegula, mpweya umayamwidwa kubwerera mkati, ndipo ntchito yonse imayambiranso. N'chifukwa chake ndimakonda kuti anthu awiriwo azilankhula mokweza mawu atatu okha, akuti pondani, ndagwira, siyani, ndipo wina aliyense woonerera akhale chete. Musadabwe chopondera chikakhalira pansi mutatseka nipple, chifukwa chimene chimachibweza kwenikweni ndi mphamvu ya pressure plate, ndipo mphamvuyo mwaitulutsa. Mnzanuyo angochikweza ndi dzanja modekha. Kupuma kuja chopondera chili mmwamba n'kofunika, chifukwa ndi nthawi imene kabowo kakang'ono ka pansi pa kabotolo kamatseguka kuti silinda imwe mafuta ena.

Zolakwa ziwiri ndizo zimabwerezedwa kawirikawiri. Choyamba ndi kupopa mwaukali ngati munthu akupopa tayala la njinga. Kuteroko kumaswa kathovu kamodzi kukhala timathovu tosawerengeka timene timasakanikirana ndi mafuta, moti mafutawo amaoneka otuwa ngati thobwa losungunula, chopondera chimalimba kwa kanthawi, ndipo mmawa mwake timathovu tija tikasonkhananso vuto limabwerera. Zikatero siyani galimoto ipume kwa ola limodzi musanapitirize. Chachiwiri ndi kuiwala kabotolo. Ka kalachi n'kakang'ono kwambiri ndipo kamatha mukangotsegula nipple kangapo, choncho onjezerani mafuta mukatsegula katatu kalikonse, osadikira kuti afike pamzere wa MIN. Pitirizani mpaka mafuta otuluka akhale oyera ngati a m'botolo latsopano ndiponso opanda thovu, kenako mangani nipple molimba koma mosapitirira, n'kubwezera kachipewa kake kalabala kuti matope a m'misewu yafumbi asatseke bowo.

Nthawi zina mumachita zonsezi molondola koma chopondera n'kukhalabe chofewa. Chifukwa chake n'chakuti kubulida kwa mtundu umenewu kumakankhira mpweya kumunsi, pomwe mpweyawo umafuna kukwera, ndiye kathovu kamatha kumangotsika ndi kukwera m'paipi osafika pa nipple. Njira yoyamba yothana nako ndi kutsegula nipple, kukankha kandodo ka slave cylinder ndi dzanja kubwerera mkati mpaka pisitoni itafika kumapeto, kutseka nipple musanasiye, kenako kupopa modekha kuti pisitoni ibwerere pamalo pake. Zimenezi zimafinya mpweya umene umabisala kuseri kwa pisitoni. Njira yachiwiri, imene ndimaikonda kwambiri pa kalachi, ndi kubulida chobwerera. Pungulani mafuta m'kabotolo, dzazani jakisoni wamkulu ndi mafuta atsopano, tulutsani mpweya wonse m'jakisonimo ndi m'kapaipi kake, lumikizani pa nipple, tsegulani, ndipo kankhani mafuta pang'onopang'ono kuchokera pansi kupita mmwamba, chopondera chili mmwamba osakhudzidwa. Thovu lidzatulukira m'kabotolo, kumene limafuna kupita kale. Wina aziyang'anira kuti kabotolo kasasefukire pa penti. Mukakhala nokha opanda wothandiza, mungathenso kungotsegula nipple n'kusiya mafuta azidontha okha m'botolo uku mukuonjezera pamwamba. Njirayi ndi yochedwa koma sichititsa thovu.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika master cylinder ikasinthidwa, ndicho kutalika kwa kandodo ka chopondera. Kandodoka kali ndi nati yosinthira. Kakafupika kwambiri, pisitoni siyenda mokwanira ndipo kalachi simasuka, ngakhale mulibe mpweya. Kakatalika kwambiri, pisitoni sibwerera mpaka kumapeto, kabowo kaja kamakhala kotsekeka, ndipo zotsatira zake n'ziwiri: kubulida kumakanika chifukwa silinda sikumwa mafuta, komanso galimoto ikatentha mafuta amafufuma n'kusowa kothawira, ndiye kalachi imayamba kuterereka ngati kuti phazi lili pachopondera. Ndinaonapo clutch plate yatsopano itapserera pasanathe mwezi chifukwa cha nati imeneyi, mwini wake n'kumaimba mlandu wogulitsa plate. Pa Toyota za zaka zimenezo, chopondera chiyenera kuyenda chopanda kanthu mamilimita 1 mpaka 5 kandodo kasanakhudze pisitoni, ndipo kuyenda konse kopepuka musanamve kulemera kwa kalachi kukhale pakati pa mamilimita 5 ndi 15. Yesani ndi chala, osati ndi phazi. Muli pomwepo onani kapini kolumikiza kandodo ndi chopondera. Pa galimoto imene yayenda zaka zambiri bowo lake limakula kukhala ngati dzira, ndipo pamenepo pamatayika kuponda kwina.

Ndisabise kuti pali nthawi imene makaniko wanu angakhale akulondola. Ngati foloko ikuyenda mokwanira, ikuima nji mukagwira chopondera, koma giya ikukanabe injini ikulira pomwe imalowa bwino injini ili yozima, vuto lili mkati. Foloko imatha kung'aluka kapena kupindika, kachitsulo kozungulira kamene imatsamirapo kamatha kudyeka, zala za pressure plate zimatha kuthyoka, plate imatha kupindika kapena sipuling'i yake kugweramo, ndipo ka bearing kakang'ono ka pakati pa flywheel kakauma kamazungulitsa shafiti ya giyabokosi ngakhale kalachi yamasuka. Galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda m'nyengo ya mvula, plate imathanso kumatirira ku flywheel ndi dzimbiri. Kulira kwa mluzu kapena kokhotakhota kumene kumayamba mukaponda chopondera n'kuleka mukasiya kumaloza ku release bearing. Zonsezi zimafuna kutsitsa giyabokosi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kugalaja yokhala ndi dzenje kapena chokwezera, chifukwa giyabokosi ndi yolemera moti ikhoza kuphwanya chifuwa cha munthu. Koma zindikirani kuti pa mavuto onsewa palibe ndi limodzi lomwe limene limachira ndi kupopa chopondera.

Kwa owerenga ena amene ali ndi magalimoto atsopanopo, zinthu ziwiri n'zosiyana. Pa ambiri a iwo kalachi imamwa m'kabotolo kamodzi ndi mabuleki, ndipo potulukira pake anapaika mmwamba dala kuti mafuta akamatha, kalachi iyambe kufa mabuleki akadali ndi otsala. Choncho kabotolo kakhoza kuoneka kuti kali ndi mafuta pomwe kalachi ikumeza mpweya, ndipo pobulida kayenera kukhala kodzaza nthawi zonse. Komanso kalachi ikafewa mwadzidzidzi pa galimoto yotero, mabuleki afufuzidwe tsiku lomwelo. Chachiwiri n'chakuti magalimoto ena, monga Ford Ranger zatsopanopo, ali ndi slave cylinder imene ili mkati, yophatikizidwa ndi release bearing. Imeneyo ikachucha, mafuta amadontha pansi pamene injini imakumana ndi giyabokosi, amatha kunyowetsa plate, ndipo palibe njira ina koma kutsitsa giyabokosi. Inu Bambo muli ndi mwayi woti zonse zili panja pofikirika.

Mafuta a mabuleki ndi poizoni. Akagwera m'maso tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali n'kupita kuchipatala, ndipo akale amene mwatulutsa musawasunge m'botolo la zakumwa pamene ana angalifikire, kapena kuwataya pafupi ndi chitsime kapena dimba. Atsekereni m'botolo lolembedwa n'kukawasiya kugalaja.

Ngati mwasintha master cylinder, mwabulida m'njira zonse ziwiri, mwakonza kandodo, koma chopondera chikufewabe patatha sabata, pitani kwa makaniko amene angatseke paipi ndi chotsekera pamalo osiyanasiyana kuti apeze gawo limene likutaya mphamvu, chifukwa pangakhale kamng'alu kobisika m'paipi yachitsulo kapena polumikizira pamene panamangidwa mopingasa. Pitaninso msanga ngati nipple yathyoka kapena nati ya paipi yadyeka makona. Pakadali pano ndikupemphani kuti musakweze katundu. Galimoto yolemedwa ikamatsetsereka imadalira giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki, ndipo mukatulutsa giya pamtsetse, kalachi n'kukana kuti ina ilowe, matumba onsewo amatsamira pa mabuleki okha. M'tauni namo, galimoto imene imakwawa yokha chopondera chili pansi ikhoza kugunda munthu woyenda pansi pachipata chomwe chija. Mukamaliza kukonza, lizani injini pamalo opanda anthu, kokani handibuleki, lowetsani giya yoyamba, gwirani chopondera pansi kwa mphindi imodzi yathunthu, kenako yesani kulowetsa yobwerera m'mbuyo. Ikalowa mwakachetechete, ndipo mlingo wa mafuta umene mwaulemba chizindikiro pakabotolo ukakhala pomwepo kwa masiku anayi kapena asanu mukuyenda maulendo afupiafupi opanda katundu, pamenepo kwezani mbatatesi zanu.